Mawindo leveni a Christobel

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi msika wa Chonde kuno ku Mulanje. Ndimagulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre. Ndikuuzireni poyambirira pomwe kuti ndili ndi nsanje, ndipo sindikuchita nayo manyazi. Kumapeto kwa mwezi uno malume anga a Harold, omwe ndi nkhoswe yanga, akubwera kuchokera ku Muloza. Ndawaitana ndine. Ndikufuna mundiuze maganizo anu iwo asanafike, chifukwa akafika, amuna anga a Kingstone atha kutuluka m'nyumba muno.

Ndiyambe ndi nyumbayo kuti mumvetse. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. A Kingstone kwawo ndi ku Phalombe, ndipo nyumba yathu ili pa malo a malemu mayi anga. Njerwa tinaumba limodzi, tinawotcha, tinamanga, malata tinakhoma. Mawindo okha ndiwo anatikanika. Mmisiri anasiya mipata, ife tinaitseka ndi njerwa zongosanja, a Kingstone amvekere ndi kwa kanthawi. Mwana amene ndinali naye kumsana tsiku limenelo, Pilirani, pano ali sitandade 4, kanthawi kaja sikanathebe. M'nyumba mwanga dzuwa lili paliwombo timafufuza supuni ndi tochi ya foni. Ndikafunsa, yankho lake ndi limodzi: "Tidzaika, mayi a Pilirani, zinthu zikakhala bwino."

Amuna angawo ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Popeza amadziwako za makompyuta, mabwana anawapatsanso ntchito yoyang'anira makina a m'maofesi monse. Kuyambira mu Ogasiti munthu wasintha. Loweruka ali ku ntchito. Lamlungu tikangotuluka m'tchalitchi, tayi asanamasule n'komwe, akwera njinga. Amati pali ntchito yaikulu yofunika ithe Okutobala asanafike pakati. Ine ndinkawamvera chisoni, mpaka ndinkawasungira nanazi wakupsa bwino uja amene ndikanagulitsa.

Ndiye Lamlungu lina masana, iwo atabwerako msanga ku ntchito, ndinali m'chipinda kupinda zovala. Iwo anali panja, atatsamira khoma, akuyankhula pa foni. Anaiwala kuti njerwa zongosanja sizitseka mawu. Ndinamva zonse, Aphungu, ndipo ndikulemberani momwe anayankhulira, sindikuwonjezera mchere.

Anati: "Christobel, iwe usadandaule. Ndinakulonjeza kuti ndiyamba ndi iwe. Mawindo ako panopa ndi teni, eti? Ndikuikira leveni. Sapoti ija ikutha mwezi wamawa, koma ine ndilipo."

Ndinakhala pansi ndi malaya awo m'manja. Mawindo. Mkazi wa kunja ali ndi mawindo khumi, ndipo mwamuna wanga waona kuti achepa, akufuna afike khumi ndi limodzi. Ine wa ukwati wa mu tchalitchi ndilibe ngakhale limodzi loti ntchentche itulukirepo. Nanga za sapotizo, inu mukudziwa tanthauzo la sapoti pakati pa mwamuna ndi mkazi amene si mchemwali wake. Ndinamva kuti pali bambo wina amene ankamusamala mtsikanayo, watopa, akusiya mwezi wamawa, ndipo wanga wakweza dzanja kuti ine ndilipo.

Koma zimene zinandilasa kwenikweni zinabwera pambuyo. Anaseka kaye, kenako anati: "Akale aja ine ndatopa nawo. M'mawa amachedwa kudzuka, masana amangotentha, ukawauza kanthu amangolira. Ndiwapirira mpaka Okutobala basi, kenako ndiwasiya. Abwana avomera kale."

Akale. Ndiye dzina langa latsopano limenelo. Aphungu, ndimachedwa kudzuka ine? Ine amene ndimakapikula nanazi m'munsi mwa phiri iwo akuliza mkonono? Kutentha thupi ndinatentha, inde, ndinadwala malungo mu Julayi, kodi malungo ndi mlandu? Kulira ndinalira, sindikana. Mayi anga anamwalira chaka chatha ndipo mpaka pano ndikaona mpango wawo misozi imangobwera yokha. Sindinkadziwa kuti misozi yanga ikukambidwa pa foni ndi ana a dzulo, mpaka abwana a ku ntchito kuvomereza kuti ndisiyidwe.

Christobel ameneyu ndimamudziwa. Amagwira mu ofesi yokonza malipiro pa esiteti yomweyo. Ndinakumana naye kamodzi pa ukwati wa mnzawo wa ku ntchito. Ndi wamng'ono kwa ine, amavala magalasi, zala zake sizinagwirepo minga ya nanazi. Anandipatsa moni ndi manja awiri, bondo atapinda, nati, "Mayi, a Kingstone amakutchulani kawirikawiri." Tsiku limenelo ndinati koma mwana waulemu. Lero ndikakumbukira ulemu umenewo ndimadzifunsa funso limodzi. Amanditchula kuti chiyani, akale?

Sindine munthu wongokhulupirira makutu, choncho ndinafuna ndione ndi maso. Lachiwiri ndinasenza beseni la nanazi, ndinakwera kabaza mpaka ku nyumba za kampani kumene iye amakhala. Ndinazungulira nyumba yake ndikuitanira malonda. Ndinawerenga mawindo, ndinabwerezanso. Anali anayi okha, a makatani obiriwira. Wina akanati mtima pansi, koma ine mtima unakwera. Ngati pano ndi anayi, khumi aja ali kuti? Ndiye kuti pali nyumba ina ikumangidwa kwinakwake, kaya ku Boma kaya ku Limbe, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amuna anga amakakhala kapitawo kumeneko.

Pobwerera ndinadzera kwa owotcherera zitsulo pa Chonde. Ndinafunsa mochenjera ngati pali munthu amene waoda mawindo khumi ndi limodzi. Mkulu wa pamalopo anakweza galasi lake lakuda lotetezera maso lija n'kundiyang'ana. Anati, "Leveni? Mayi, imeneyo si nyumba, ndi tchalitchi kapena loji." Christobel si m'busa. Ndiye mundiuze inu chimene chatsala.

Madzulo ake ndinawayesa amuna anga. Ndikuwapatsa madzi osamba m'manja ndinangoti, "Bambo a Pilirani, kodi mawindo leveni amalowa magalasi angati?" Anandiyang'ana, kenako anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka ana kubwera kudzaona. Atapukuta maso anati, "Zimenezo ndi za ku ofesi. Inu simungazimve, zikukwanirani za nanazi." Anadya, anakhuta, nkhani inathera pomwepo. Sanakane. Sanafunse n'komwe kuti ndazimva kuti. Ine chakudya chinandikanika, ndinakakhala kukhitchini.

Mnzanga amene timagulitsa moyandikana, Cecilia, akuti ndisachedwe. Akuti tipite awiri ku ofesi tsiku la malipiro, anthu atadzaza, tikamuvule magalasi mtsikanayo aliyense aone. Tsiku lina ndimavomera, tsiku lina ndimachita mantha. Chimene ndachita ndi kuimbira malume. Ndatsitsanso chikwama cha amuna anga pamwamba pa kabati, chija anabwera nacho kuchokera ku Phalombe, ndachipukuta fumbi. Chili kuseri kwa chitseko. Achiona, sanafunse. Kwathu kuno zikavuta mwamuna amanyamula chikwama ndi bulangete, nyumba ndi ana zimatsala. Ngati akudikira Okutobala kuti andisiye, bola ndiyambe ndine. Sindifuna kukhala mkazi woti anthu a pa msika aziloza kuti uyo anasiyidwa pa deti.

Koma Aphungu, ndisakunamizeni, ndimawakonda. Sanandimenyepo, samwa, ana amawakonda. Mwina zikanakhala za mawindo okha ndikanapirira. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mawu aja akuti "ine ndilipo." Anawanena mofewa, mwa mtima wonse. Ine mawu otero ndinawamva komaliza tili pa chibwenzi. Ngakhale pa maliro a mayi anga anagwira ntchito zonse, bokosi, nkhuni, galimoto, koma sanakhale nane pansi n'kundiuza kuti ndilipo.

Kodi ndilakwa ndikawapitikitsa? Kodi ndipite kwa Christobel ndekha ndikamufunse komwe kuli nyumbayo? Nanga mwamuna woika mawindo kwa eni, kwake kuli mdima, mumamutani?

E. J.,
Chonde, Mulanje.

Mayi E. J.,

Choyamba, bwezerani chikwamacho pamwamba pa kabati lero lomwe. Chachiwiri khalani pansi, chifukwa nyumba imene mukuifunayi simudzaipeza ku Boma, ku Limbe kapena kwina kulikonse. Ili pa tebulo la Christobel ndipo imayendera magetsi.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, monga minibasi ili ndi dalaivala. Pulogalamu imene ili m'makompyuta ambiri a m'maofesi dzina lake ndi Windows, ndipo anthu pocheza amangoti mawindo. Manambalawo si kuchuluka, ndi mitundu yake. Pali Windows 10, yakale, ndi Windows 11, yatsopano. Kampani imene imaipanga, Microsoft, inalengeza kuti kuyambira pa 14 Okutobala chaka chino cha 2025 isiya kutumiza zigamba zimene zimatseka mabowo olowera akuba ndi mavairasi mu Windows 10. Thandizo limenelo ndilo a makompyuta amalitcha sapoti. Ikatha, kompyuta imayakabe, koma imakhala ngati sitolo imene mlonda wasiya ntchito. N'chifukwa chake maofesi ambiri ali kalikiliki kusintha tsikulo lisanafike. Kuno ku ofesi kwathu yanga anainyamula sabata yatha, yankho lino ndikulembera pa yobwereka.

Tsopano werenganinso mawu amene munamva. Christobel amakonza malipiro. Mu kompyuta yake muli mayina ndi maakaunti a anthu onse othyola tiyi pa esitetiyo. Munthu wanzeru aliyense angayambe ndi imeneyo. Za Loweruka ndi Lamlungu n'zomveka, simungakonze makina mwini wake akugwiritsa ntchito.

Ndiye tibwere kwa "akale" aja. Apa Chichewa chathu ndicho chakupusitsani, ndipo chikanapusitsa aliyense. Timati makina akale, makina atopa, makina ndiwasiya, chimodzimodzi momwe timanenera munthu amene timamulemekeza. Makina akale amachedwadi kuyaka m'mawa, amatenthadi, ndipo kachipangizo kawo koziziritsa kamalira tsiku lonse. Ambiri a iwo sangalandire Windows 11 ngakhale mutawanyengerera, ofunika kugula ena. Apo ndi pamene abwana amavomera. Sindinamvepo bwana wa esiteti akusainira kuti kalaliki asiye mkazi.

Sindikubisirani, ndinaseka nditafika pa owotcherera zitsulo. Koma kuseka kunandithera nditabwerera pa njerwa zongosanja zija. Simuli opusa, mayi. Munthu amene wakhala zaka mu mdima akamva mawu akuti mawindo saganiza za kompyuta. Nsanje yanu yalakwitsa munthu, koma sinachokere m'mwamba.

Ndinenenso izi mosapsatira. Mtima wa a Kingstone sindinauone, ndangomva mawu amene mwandipatsa. M'mawu amenewo mulibe chibwenzi. Ngati muli ndi umboni wina umene simunalembe, imeneyo ndi nkhani ina. Koma pa izi zokha palibe nkhoswe yanzeru imene ingagamule kuti mwamuna anyamule bulangete.

Mlandu amuna anu ali nawo, koma ndi wina. Mkazi wawo anafunsa funso lodabwitsa, nkhope itagwa, iwo anaseka n'kumuuza kuti zikumukwanira za nanazi. Zimene ndafotokoza pamwambapa akanatha kukufotokozerani madzi a m'manja asanazizire. Munthu wodziwa kusiyanitsa nanazi wotsekemera ndi wowawasa pongomugogoda sangalephere kumva kuti teni ndi wakale, leveni ndi watsopano. Kumeneko kunali kudelera, ndipo muwauze kuti kunakupwetekani. Bambo Kingstone, ngati mukuwerenga, makina a kampani mwawathamangira tsiku lisanakwane. Chikwama chanu chili kuseri kwa chitseko ndipo simunafunse chifukwa chake.

Tsono muchite izi. Sankhani nthawi ya masana, ana atapita kosewera. Musayambenso ndi mwambi wa magalasi angati, mwambi ndi umene unabala kuseka. Auzeni mawu onse amene munamva, limodzilimodzi, makamaka aja a akale, ndi momwe munawamvera. Kenako muwapemphe ayatse laputopu ya ku ntchito akuonetseni pamene palembedwa Windows 11. Ngati nkhani ili momwe ndikuganizira, akuonetsani osazengereza. Akayamba kukalipa ndi kubisa foni, pamenepo mundilemberenso. Muwauzenso nokha za ulendo wa kabaza ndi za owotcherera. Pa Chonde ndi malo aang'ono, akazimva kwa ena zifika zitamera nyanga.

Christobel musamupitire, kaya nokha kaya ndi gulu. Mtsikanayo, momwe ndikuonera, cholakwa chake ndi kukhala ndi kompyuta. Malangizo a Cecilia angakugonetseni ku polisi pa Boma, amuna anu n'kuchotsedwa ntchito, ndipo mawa lake Cecilia adzayala nanazi wake pamalo panu. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kwa mnzake wokonda ndewu amadya loposa phula.

Malume anu aimbireni asanakwere minibasi. Musawaletse kubwera, koma muwauze kuti nkhani yasintha. Si ya chibwenzi, ndi ya nyumba, ndipo nkhoswe ya ku Phalombe nayo ikhalepo. Pali funso limene muyenera kufunsa amuna anu pamaso pa anthu amenewa, mofatsa. Kodi mawindo akuchedwa chifukwa zinthu sizili bwino, kapena chifukwa akuopa? Amuna ambiri a chikamwini amandilembera kuti manja amalemera kumaliza nyumba imene tsiku lililonse angauzidwe kuti tulukamo. Sindikuti akulondola. Anawo ndi awo, ndipo akukulira mu mdima. Koma taonani zimene zachitika. Mwamva mawu ochepa kuseri kwa khoma, osafunsa bwino, chikwama chatsika kale ndipo fumbi lapukutidwa. Ngati a Kingstone anali ndi mantha amenewo, mwezi uno mwawauza kuti sankalota. Mwina n'chifukwa chake achiona chikwamacho n'kungokhala chete.

Choncho nonse muli ndi choti munene. Inu muwauze kuti nyumbayo ndi yawonso, osati malo ogona alendo. Iwo akuuzeni mawu aja mukuwafuna. Musachite manyazi kuwapempha. Nenani kuti, "Mawu aja munauza Christobel akuti ine ndilipo, ine ndinawasowa pa maliro a mayi." Amuna ena amaganiza kuti kugula bokosi ndi kuwaza nkhuni ndiko kunena. Amafunika kuuzidwa kuti khutu nalo limadya.

Ndipo musadikire kuti mipata yonse idzatheke tsiku limodzi, kudikira kumeneko ndiko kwamufikitsa Pilirani sitandade 4. Gwirizanani za windo limodzi, mutchule mwezi, aliyense aikepo dzanja. Owotcherera mukuwadziwa kale.

Chenjezo langa ndi ili. Chikwama chikatuluka pakhomo nkhoswe zikuona ndi mudzi ukuonerera, sichibwerera chifukwa choti mwati pepani, ndinamva molakwa. Madzi akatayika saoleka. Ndipo windo loyambalo muliike pa khoma lomwe lija a Kingstone amatsamira poimba foni. Mwakhala mukuwamvera amuna anu kudzera m'mipata ya njerwa. Gumulani njerwazo, kuti tsiku lina akamayankhula muziwaona nkhope.

Aphungu.